PHUNZIRO LA ZAUMOYO: Kuchokera mu Firiji Kufika pa Mkono wa Mwana

Phunziro lathu la zaumoyo mwezi uno ndi la katemera. Makamaka tiona ntchito imene makalabu otumikira anthu, monga Rotary ndi Lions, akhala akugwira pothandiza kuti katemera afikire anthu pa nthawi ya mliri, ndi zimene ife tingatolepo.

Kwa atsogoleri a nthambi: phunziroli ndi lalitali, choncho mukhoza kuligawa pa misonkhano iwiri. Uzanitu amayi kuti pobwera atenge mabuku a kuchipatala a ana ndi adzukulu amene akuwasunga.

MAU OYAMBA

Ndili namwino wachitsikana, m'zaka za m'ma 1980, tinkapita ku sikelo ya kumudzi kamodzi pamwezi. Tsiku lina tinalawira m'mamawa, katemera titalongedza bwino m'bokosi lozizira, n'kuyenda mtunda wautali pa mseu wokumbikakumbika. Titafika pansi pa mtengo wa mango pomwe tinkachitira sikeloyo tinapeza amayi atatu okha. Uthenga tinali titatumiza kwa amfumu, koma amene anapatsidwa kuti alengeze anaiwala, ndiponso tsikulo linali la msika.

Kabotolo ka katemera wa chikuku kamakwanira ana 10, ndipo kakangosungunulidwa kayenera kutha pasanapite maola 6. Mwa ana atatu aja, woyenera katemera ameneyu anali mmodzi. Tinamubaya, wotsalayo tinataya. Patapita miyezi ingapo chikuku chinabuka m'deralo, ndipo ana ena a m'mudzi womwewo tinawalandira ku wodi, maso ali psuu, akupuma movutikira. Ena mwa iwo sanabwerere kwao amoyo.

Tsiku limenelo mankhwala analipo, anamwino tinalipo, galimoto inalipo. Chimene chinasowa ndi munthu woyenda khomo ndi khomo dzulo lake n'kumati, "Mawa kuli sikelo, musapite kumsika mwana asanabayidwe." Ntchito imeneyi sifuna satifiketi ya unamwino, koma ikapanda kugwiridwa katemera amathera m'dzenje la zinyalala.

GAWO 1: KODI MAKALABU AMENEWA NDI OTANI?

Ambiri tinaonapo chikwangwani cha gudumu la mano pa mjigo kapena pa chipupa cha sukulu, kapenanso cha mitu iwiri ya mikango pa chipatala cha maso. Gudumu ndi chizindikiro cha Rotary, mikango ndi cha Lions. Awa ndi magulu a anthu a ntchito zosiyanasiyana, a bizinesi, aphunzitsi, madokotala, owerengera ndalama, amene amakumana kawirikawiri, kusonkha ndalama ndi kusankha ntchito yothandiza dera lao. Si mpingo ayi, ndiponso si chipani cha ndale.

Rotary inayamba mu mzinda wa Chicago ku America m'chaka cha 1905, ndipo woiyambitsa anali loya dzina lake Paul Harris. Lions inayamba mu mzinda womwewo mu 1917, motsogozedwa ndi Melvin Jones. Mu 1925 mayi wina wosaona ndi wosamva, Helen Keller, anapempha a Lions kuti aziganizira anthu osaona, ndipo kuyambira pamenepo ntchito ya maso inakhala yao. N'chifukwa chake dzina lao timaliona pa zipatala za maso za ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Kwa zaka zambiri amayi sankaloledwa kukhala mamembala a Rotary. Koma sanakhale manja lende. Mu 1924 akazi a mamembala a ku Manchester ku England anayambitsa gulu laolao lotchedwa Inner Wheel, ndipo mtsogoleri wao woyamba, Margarette Golding, anali namwino. Rotary inadzatsegula chitseko kwa amayi m'maiko onse mu 1989.

Ena amati makalabuwa ndi a anthu olemera okumana m'mahotela. N'zoona kuti umembala wake umalira ndalama, ndipo ambiri a ife sitingaukwanitse. Koma mukamva zimene anachita pa nkhani ya katemera mudzaona kuti gawo lalikulu la ntchito yao ndi la miyendo ndi pakamwa, zinthu zimene tonsefe tili nazo.

GAWO 2: LONJEZO LA ROTARY PA POLIYO

Amayi achikulire mukukumbukira ana opuwala miyendo amene tinkakula nao, ena oyenda chokwawa atavala mapatapata m'manja. Ambiri a iwo anapuwala ndi poliyo. Kuno kwathu vutoli linali lalikulu mpaka panakhazikitsidwa bungwe la Malawi Against Polio lopereka ndodo, zitsulo za m'miyendo ndi njinga za olumala.

Kachilombo ka poliyo kamatuluka m'chimbudzi cha munthu amene ali nako, n'kulowa mwa wina kudzera m'madzi, m'chakudya kapena m'manja osasamba. Ana ambiri amene akatenga saonetsa chizindikiro chilichonse, koma amakhala akupatsira anzao. Pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 200 otenga kachilomboka amapuwala kwa moyo wake wonse, ndipo ena amamwalira pamene minofu yopumira yafooka. Poliyo alibe mankhwala ochiza. Chilipo ndi katemera woteteza, madontho awiri m'kamwa.

Mu 1979 a Rotary anayamba ntchito yopereka katemerayu kwa ana 6 miliyoni ku Philippines. Ataona kuti zatheka, mu 1985 anakhazikitsa ndondomeko yotchedwa PolioPlus, n'kulonjeza kupeza madola 120 miliyoni ogulira katemera wa ana a m'maiko osauka. Pofika 1988 anali atasonkhanitsa madola 247 miliyoni, kuposa kawiri zimene analonjeza. Chaka chomwecho maiko a m'bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO anagwirizana zothetseratu poliyo, ndipo otsogolera ntchitoyi anali WHO, UNICEF, bungwe la CDC la ku America ndi Rotary. Nthawi imeneyo ana pafupifupi 350,000 ankapuwala chaka chilichonse m'maiko 125.

Mu 1996 a Nelson Mandela, mothandizana ndi Rotary, anakhazikitsa kampeni yothamangitsa poliyo mu Africa, pomwe ana pafupifupi 75,000 ankapuwala pachaka. Zinatenga zaka 24, koma pa 25 Ogasiti 2020 chigawo cha Africa chinalengezedwa kuti chilibenso poliyo wa chilengedwe. Pa dziko lonse matendawa atsika ndi zoposa 99 pa 100 alionse, ndipo maiko amene kachilomboka sikanathepo ndi awiri, Afghanistan ndi Pakistan. Ndalama zimene Rotary yapereka chiyambire zaposa madola 2 biliyoni.

Taonani kutalika kwa nthawi. Amene analonjeza mu 1985 ambiri anamwalira, koma anzao anapitiriza. Gulu limene limayamba ntchito lero n'kuisiya mwezi wamawa silikanafika apa.

GAWO 3: MLIRI WA COVID-19

Matenda a Covid-19 anapezeka koyamba m'Malawi pa 2 Epulo 2020. Sitidzaiwala Januwale wa 2021, pamene nduna ziwiri za boma, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo m'zipatala mpweya wothandizira kupuma unkaperewera. Ambiri a ife tinaika abale athu mofulumira, opanda kugona pa siwa.

Pa nthawiyi ntchito ya poliyo inathandiza m'njira imene anthu sankaiyembekezera. Mu Malichi 2020 makampeni a poliyo anaimitsidwa kwa miyezi ingapo, ndipo m'maiko ngati Nigeria ndi Pakistan antchito ake, magalimoto ake ndi malo ake opimira matenda anatembenukira ku Covid-19. Anthu amene anazolowera kufufuza mwana wopuwala m'midzi ndi amene anayamba kulondola amene akhudzana ndi wodwala. Mafiriji ndi mabokosi ozizira amene anagulidwa chifukwa cha poliyo anadzasunganso katemera wa Covid-19.

Katemera atayamba kuperekedwa ku Britain mu Disembala 2020, mamembala a Rotary ndi Lions m'matauni ambiri anadzipereka pa malo obayira. Sankagwira jakisoni. Ankalondolera magalimoto poimika, kuonetsa anthu khomo, kukonza mizere, kupereka mipando kwa okalamba, ndi kukatenga amene analibe choyendera. Ku India makalabu omwewa ankakonza malo obayirapo katemera mogwirizana ndi zipatala. Namwino akapanda kutanganidwa ndi mzere ndi mipando, manja ake amatsala pa ntchito imene iye yekha angaigwire.

Kwathu kuno katemera woyamba, wa AstraZeneca, wokwana 360,000, anafika pa 5 Malichi 2021 kudzera mu ndondomeko ya COVAX, ndipo a Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti pa nthawiyo, anabayitsa poyera ku Zomba pa 11 Malichi. Koma pa 19 Meyi 2021 boma linaotcha katemera 19,610 ku Lilongwe chifukwa masiku ake anali atatha. Zifukwa zinali ziwiri. Choyamba, katemerayo anali mbali ya gulu limene linafika kumapeto kwa Malichi litatsala ndi masabata osakwana atatu. Chachiwiri, mphekesera zinali ponseponse ndipo anthu ankabwera mwa apo ndi apo. Boma linaotcha poyera kuti anthu atsimikize kuti palibe amene adzabayidwe katemera wotha ntchito. Chomvetsa chisoni n'chakuti pofika kumapeto kwa Juni katemera anali atatha m'dziko, matenda anakweranso, ndipo anthu ankazungulira m'zipatala kufuna chimene chinalipo miyezi iwiri yapitayo. Madzi akatayika saoleka.

Nditamva za kuotchaku ndinakumbukira kabotolo kanga ka pansi pa mtengo wa mango. Vuto linali lomwelo, kukula kokha.

GAWO 4: PAMENE POLIYO ANABWERERA

Mliri uli ndi chizolowezi choipa: maso onse amapita kwa iwo, matenda ena n'kupeza mpata. Amayi ambiri anasiya kupita ku sikelo poopa kutenga Covid-19, kapena poopa kuti mwana akabayidwa katemera wachilendo iwo osadziwa. Izi sizinachitike kuno kokha. WHO ndi UNICEF anapeza kuti mu 2021 ana 25 miliyoni pa dziko lonse sanamalize katemera wao wa ukhanda, kutsika kumene kunali kusanaoneke pa zaka pafupifupi 30.

Mu Novembala 2021 mwana wamkazi wa zaka 3 ku Lilongwe anafooka miyendo mwadzidzidzi. Atapima chimbudzi chake m'malo opimira a kunja anapeza poliyo wa chilengedwe, ndipo pa 17 Febuluwale 2022 boma linalengeza. M'Malawi matendawa anali ataoneka komaliza mu 1992. Kachilomboko kanali ka mtundu umene unkazungulira m'chigawo cha Sindh ku Pakistan. Mwanayo sanapiteko ku Pakistan. Kachilombo kanayenda m'matumbo a anthu ooneka athanzi mpaka kanapeza mwana wosatetezeka mokwanira. M'chaka cha 2022 ana ena 8 anapuwala m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kwa anansi athu.

Kampeni inayamba pa 20 Malichi 2022, mliri wa Covid-19 usanathe, ndipo inachitika maulendo angapo ku Malawi, Mozambique, Zambia, Tanzania ndi Zimbabwe. Inayendetsedwa ndi maboma mothandizidwa ndi mgwirizano uja wa 1988 umene Rotary ili m'gulu la ouyambitsa ndi oupatsa ndalama. Munawaona alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka akuyenda nyumba ndi nyumba, bokosi lili paphewa, kudonthezera ana, kuwapaka inki pa kachala kakang'ono ndi kulemba ndi choko pa chitseko. Inkiyo inali yoti mwana asaiwalike kapena kubwerezedwa pa ulendo womwewo, ndipo chokocho chinali chouza oyang'anira kuti nyumba iyi yafikiridwa. Ana oposa 50 miliyoni analandira katemera m'maiko asanuwa, ndipo mu Meyi 2024 kunalengezedwa kuti kubuka kumeneku kwatha. Ana opuwala anathera pa 9.

Kwa olemba ziwerengero ana 9 ndi ochepa. Kwa mayi wa mmodzi wa iwo ndi kubereka kumbuyo mwana amene anali atayamba kale kuthamanga.

GAWO 5: NTCHITO ZINAYI ZA ANTHU ODZIPEREKA

Tikaunika zimene makalabuwa achita, tipeza ntchito zinayi.

Yoyamba ndi kusonkha ndalama. Katemera mwini wake nthawi zambiri amagulidwa ndi boma ndi mabungwe akuluakulu. Chimene chimaperewera ndi zing'onozing'ono: mafuta a galimoto, njinga, mabokosi ozizira, chakudya cha oyenda m'midzi. Katemera ambiri amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8 kuchokera ku fakitale mpaka kumudzi. Pa kabotolo pamakhala kachizindikiro, kabokosi kowala mkati mwa bwalo loderako. Kabokosiko kakada kufanana ndi bwalolo ndiye kuti katemera watenthedwa ndipo sagwiritsidwanso ntchito. Mukhoza kupempha mlangizi kuti akuonetseni.

Yachiwiri ndi kukumbutsa atsogoleri. Mamembala a Rotary amalemba makalata ndi kukaonana ndi nduna ndi aphungu kuti maboma asaiwale lonjezo lao, ndipo pa 24 Okutobala chaka chilichonse amakumbutsa dziko lonse za poliyo.

Yachitatu ndi kusonkhanitsa anthu. A Lions analowa m'ntchito yolimbana ndi chikuku mu 2010, ndipo gawo lao lalikulu linali kulengeza: pa wailesi, ndi zimkuzamau m'misika, ndi kuyenda m'makomo. Chaka chomwecho chikuku chinagwira anthu oposa 100,000 m'Malawi muno ndi kupha mazana. Chikuku chimapatsirana msanga kotero kuti pamafunika ana 95 pa 100 alionse akhale obayidwa kuti mudzi utetezeke.

Yachinayi ndi kutumikira pa tsiku la katemera: mthunzi, mipando, madzi akumwa, mzere wabwino, kunyamulira mwana mayi wa mapasa.

Pa zinayizi, yoyamba yokha ndiyo ifuna thumba lolemera. Zitatu zotsalazo nthambi iliyonse ingazithe. Ndiponso tili ndi chinthu chimene kalabu ya m'tauni ilibe. Ife timadziwa kuti nyumba yakuti muli khanda, kuti mayi wakuti anasamuka mwana asanamalize sikelo, kuti agogo akuti akulera ana amasiye ndipo sadziwa kuwerenga. Timafika m'makomo pa chikuta, pa matenda ndi pa maliro. Chala chimodzi sichiswa nsabwe: a makalabu ali ndi chao, aboma ali ndi chao, ifenso chathu tili nacho.

Zindikiraninso malire amene makalabuwa amasunga. Sabaya anthu okha, sasankha okha katemera, ndipo sakonza tsiku popanda a zaumoyo. Amafunsa kuti, "Tithandize pati?" Ifenso titero.

GAWO 6: MANTHA NDI MPHEKESERA

Mu 2003 madera ena a kumpoto kwa Nigeria anaimitsa katemera wa poliyo chifukwa cha mphekesera yoti amatseketsa kubereka. Ku Kano kuimitsaku kunatenga pafupifupi chaka, ndipo poliyo anafalikira m'maiko pafupifupi 20 amene anali atamuthetsa kale. Zinthu zinasintha pamene mafumu ndi atsogoleri a zipembedzo anayamba kudonthezera ana ao poyera, ndi pamene amayi a m'midzi momwemo anayamba kulowa m'nyumba kukacheza ndi amayi anzao. Nigeria inaona poliyo wa chilengedwe komaliza mu 2016.

Mphekesera zomwezo tinazimva kuno mu 2021. Nawa ena mwa mafunso amene mudzakumana nao, ndi mayankho ake.

"Katemera amatseka mimba." Ife amene tinabayidwa tili ana tabereka, ndipo ana athu amene tinawabayitsa atipatsa adzukulu. Amayi amene analandira katemera wa Covid-19 mu 2021 akubereka monga kale.

"Ankati obayidwa onse afa pakatha zaka ziwiri." Zaka ziwirizo zinakwana mu 2023. Funsani m'gulu kuti amene anabayidwa akweze manja.

"Mwana wanga analandira kale, bwanji akumudonthezeranso?" Madontho a ulendo umodzi sakwanira kumanga chitetezo, makamaka kwa mwana wotsekula m'mimba kawirikawiri. Kubwereza sikupweteka mwana.

"Mwana anatentha thupi atabayidwa." Izi zimachitika, pamodzi ndi kutupa pang'ono pobayidwapo, ndipo zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Muyamwitseni pafupipafupi. Koma akakomoka, akamabanika, kapena kutentha kukapitirira, thamangirani kuchipatala.

"Kodi palibiretu choopsa?" Apa tisaname. Mankhwala alionse ali ndi zovuta zake. Katemera wa AstraZeneca anapezeka kuti mwa anthu owerengeka kwambiri ankachititsa magazi kuundana. Madontho a poliyo ali ndi kachilombo kofooketsedwa, ndipo m'dera limene ana ambiri sanalandire, kachilombo kofookako kakhoza kuzungulira nthawi yaitali mpaka kupezanso mphamvu. Mankhwala a vuto limeneli ndi kuonetsetsa kuti ana onse alandira. Munthu amakhulupirira amene wamuuza zonse, zabwino ndi zovuta zomwe.

"Ndi chizindikiro cha chilombo." Katemera ndi mankhwala monga kwinini kapena panado, ndipo palibe amene amafunsidwa kukana chikhulupiriro chake kuti abayidwe. Wina akavutikabe mumtima, mperekezeni kwa wansembe akakambirane.

Koma mayankho abwino amaonongeka ndi kayankhulidwe koipa, ndipo pa ichi ndili ndi mlandu ine mwini. Mayi wina anabwera ndi mwana wa miyezi 11 amene anadumpha katemera kawiri, khadi lake litanyowa ndi kung'ambika. Ndinali nditatopa, ndipo ndinamukalipira pamaso pa amayi anzake kuti ndi wosasamala. Anangowerama osayankha. Mwanayo tinamubaya, koma mayiyo sindinamuonenso pa sikelo yathu. Pambuyo pake ndinamva kuti mwamuna wake anali atamwalira miyezi yomweyo, ndipo denga la nyumba yake linkadontha. Papita zaka zoposa 30 koma nkhope yake ndimaionabe. Amayi ambiri amene sabwera ku sikelo sakana katemera ayi. Ena akuopa kukalipiridwa, ena mtunda watalika, ena alibe wowasiyira ana, ena bambo a kunyumba akaniza. Yambani mwafunsa ndi kumvetsera.

GAWO 7: ZOTI NTHAMBI ICHITE

1. Sankhani amayi awiri akaonane ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Akalembe masiku a sikelo a miyezi itatu ikubwerayi, ndipo masikuwo azilengezedwa Lamulungu lililonse loyandikira.

2. Tsegulani mabuku a kuchipatala amene mwabwera nao. Mwana amalandira katemera akangobadwa, pa masabata 6, 10 ndi 14, pa miyezi 9, ndi pa miyezi 15. Amene amaiwalika kwambiri ndi wa miyezi 15, wobwereza wa chikuku, chifukwa mwana amakhala akuyenda ndipo mayi amaona ngati sikelo yatha. M'maboma ena mulinso katemera wa malungo, amene Malawi inali dziko loyamba kumupereka ku sikelo mu Epulo 2019. Atsikana a zaka 9 ali ndi katemera woteteza khansa ya khomo la chiberekero. Mlangizi adzakuuzani zimene zikuperekedwa kwanuko.

3. Mwana amene anadumpha sayambiranso poyamba, amapitiriza pomwe analekezera. Buku likatayika mayi apitebe. Mperekezeni ngati akuchita manyazi.

4. Gawanani makomo. Mayi aliyense akhale ndi nyumba zisanu zoyandikana nazo zimene azizikumbutsa, za mpingo wathu ndi za mipingo ina ndi zipembedzo zina zomwe. Kachilombo safunsa kuti mumapemphera kuti. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

5. Musalambalale abambo ndi apongozi. Pakhomo pambiri mau omaliza ndi ao.

6. Pa tsiku la sikelo kapena la kampeni, sesani malo, bweretsani mikeka ndi madzi, thandizani mzere. Ngati sikelo ya kwanu imachitikira pa mtetete, kambiranani ndi akuluakulu a tchalitchi za kubwereka chipinda.

7. Mukaona mwana wosakwana zaka 15 amene wafooka mwendo kapena mkono mwadzidzidzi, osagwa kapena kuvulala, dziwitsani achipatala tsiku lomwelo. Musayambe mwathamangira kwina.

8. Uthenga wa pa WhatsApp wonena za katemera musautumize kwa ena musanafunse wa zaumoyo. Ambiri amene anafalitsa mabodza mu 2021 ankaganiza kuti akuchenjeza abale ao.

9. Nthambi za pafupi ndi matauni amene muli makalabu, monga Blantyre, Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu, zikhoza kulemba kalata yopempha thandizo. Pemphani chinthu chimodzi chodziwika, monga njinga ya mlangizi kapena malata a shedi ya sikelo. Lembani mtengo wake, nenani zimene inu mudzaikepo monga njerwa ndi mchenga, ndipo kalatayo idzere kwa woyang'anira chipatala chanu. Mukalandira, sungani malisiti ndi kubweza lipoti.

WHO inalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 salinso vuto ladzidzidzi la dziko lonse. Koma mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unatipeza tisanapume. Wina udzabwera, ndipo nthambi imene inazolowerana kale ndi mlangizi wake, imene ikudziwa makomo ake, sidzayamba kufunsa njira moto uli padenga.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi m'mudzi mwathu kapena m'dera lathu ndi ana ati amene safika ku sikelo? Chimawaletsa n'chiyani? Musatchule maina pa gulu.

2. Ndi mphekesera ziti za katemera zimene ifeyo tinazikhulupirira kapena kuzifalitsa mu 2021? Tinazimva kwa yani?

3. Pa ntchito zinayi za m'Gawo 5, ndi iti imene nthambi yathu ingayambe mwezi uno popanda ndalama?

4. Mungayankhule bwanji ndi mpongozi wanu amene akukana kuti mdzukulu wanu abayidwe, popanda kuyambana naye?

5. Lonjezo la Rotary latha zaka 40 likusungidwa. Ndi ntchito ziti zimene nthambi yathu inayamba n'kuzisiyira panjira, ndipo chinachitika n'chiyani?

Mlembi alembe maina a amayi awiri amene asankhidwa kukaonana ndi mlangizi, ndi tsiku limene adzapereke lipoti. Potseka, mtsogoleri apemphe mayi mmodzi kuti apempherere alangizi a zaumoyo, anamwino, ana opuwala ndi amene akuwasamala. Mwezi wamawa mubwerenso ndi mabuku aja, tidzaone ngati mipata yatsekedwa.